Bango la Njinga Yanga

Chaka chimene mawondo anga anayamba kulira ngati chitseko, ana anandiuza kuti dimba la kudambo ndilisiye, alime ena. Ati n'kutali. Dimba limenelo ndinaswa mphanje ndekha, mwana ali kumsana. Ndinati ayi, ndigulireni njinga. Kupalasa ndinkadziwa, koma ya malemu amuna anga inali ngati ng'ombe. Ine wamfupi chonchi, ndikakhala pachishalo mapazi ankangopalasa mphepo.

Mkamwini wanga anayankha atagwada kuseri kwa nkhokwe, paja mkamwini sayang'anizana ndi apongozi. Anati ku Mkanda kwabwera tinjinga totchedwa mauntenibaiki, ta matayala a mano, tina tatsopano, tina ta kaunjika todzera ku Zambia. Koma pafunika muyeso.

Tsono andiyeza bwanji munthu woti tikakumana panjira amapatukira kutchire? Mwana wanga wamkazi, mkazi wakeyo, anati, "Amayi, gonani pamphasa." Ndinagona. Anatenga bango, n'kuliika kuyambira kuchidendene mpaka kumutu, n'kudula. Palibe anaganizapo kanthu.

M'mawa mkamwini ananyamuka, bango m'manja. Kwathu kuno bango lodula pamsinkhu wa munthu amanyamula ndi adzukulu popita kukakumba manda. Komanso nkhope ya mkamwini wangayo ndi yachisoni chibadwire. Bambo wina wangolo atakumana naye anavula chipewa.

"Pepani achimwene, ndi la yani?"

"La apongozi."

"Ogo! Dzulo lomweli ndinawaona pachitsime!"

"Tawayeza dzulo lomwelo."

"Anavutika?"

"Mawondo okha."

Dzuwa lisanafike pamutu, ine ndikuswa mtedza kuseri kwa nyumba, ndinangomva kulira kukubwera ndi njira ya kumpoto. Ndinayamba kulira nawo, poti maliro safunsa. Mlamu wanga, amene ankatsogolera, atandiona anatula mtolo wa nkhuni.

"Alamu, ife tabwera ndi ufa, inu mwangokhala tsonga apo?"

"Wamwalira ndani?"

"Inuyo!"

Ndinati khalani pansi tiswe mtedza. Mayi wina wochokera ku Dambe anati mtunda wonsewo sangabwerere osamaliza, analira kaye mpaka kukhuta.

Uko ku Mkanda, wogulitsa njinga akuti anati njinga sayeza munthu atagona. Komabe anaimika bangolo pambali pa yatsopano, yonyezimira, ili m'mapulasitiki. Anati agogo amenewa iyi adzafuna makwerero. Kenako anatulutsa kena kakang'ono ka kaunjika, kokalikakalika, kopanda belu, chitsulo chapakati chotsika. Mkamwini anati yatsopano ndiyo yaulemu, koma ulemu sungafike kudimba.

Anafika masana akukankha kanjingako, bango atalimangirira m'mbali, n'kupeza bwalo ladzaza olira. Kundipatsa m'manja sakanatha. Anakatsamiritsa pankhokwe, n'kuthawira kuseri.

Mwana wanga anati, "Amayi, mapazi akapanda kufika pansi, za dimba tisamvenso."

Ndinamanga chitenje, ndinakwera. Mapazi onse awiri anati pansi nde! Ndinapalasa kudutsa pakati pawo, amene anabwera kudzalira akululuta, mlamu akukuwa kuti maliro athawa. Magiya sindinawadziwe, miyendo inkangozungulira ngati ndikupota chingwe, koma ndinakafika kudambo.

Dimba ndikulimabe. Magiya sindiwakhudza, ali pamene anawasiya mwini wake woyamba. Bango lija ndinalizika pa phata la tomato, ndipo tomatoyo anandipitirira msinkhu.