Tadala Sakhudza Mpira

Lachisanu lapitali ndinachita manyazi ndi alamu anga, koma ndimawakonda.

Timu ya kusekondale ya Tadala, mwana wa mchemwali wanga, inachoka ku South Bend kudzasewera kuno ku Indianapolis. Ndi mpira wa kuno uja wovala zipewa zolimba. Bambo ake, alamu angawo, anabwera kudzamuonera koyamba, tinakhala benchi imodzi. Masewero onse iwo kukuwa m'Chichewa: "Mpatseniko mpira mwanayo!" Azungu kumangotembenuka.

Tadala amaima m'gulu la anyamata asanu a kutsogolo, amene ntchito yawo ndi kutchinga adani kuti asafike kwa woponya mpira. Malamulo salola n'komwe kuti amuponyere. Koma alamu anakulira mpira wamiyendo, kumene ngakhale wakumbuyo amauthirako phazi.

Kutacha, foni yochokera kwa alamu. "Alamu, inu ndinu mwini mbumba. Bwerani mudzamuuze asiye. Kumudzi nditumiza chiyani? Vidiyo ya mwana akukankhana ngati ng'ombe pa dibi?"

Ndinaseka, koma pamene ndinkadiraiva kupita ku South Bend Lamulungu mtima unali kuwawa. Kodi si mmene tilili ambirife? Mwana timamufuna pamene kamera ikuloza. Woimba yekha kutsogolo kwa kwaya timamujambula, wa besi kumbuyo sitimudziwa ndi dzina lomwe.

Ine mpira wa akatswiri ndimauonera sabata ndi sabata, ndipo ndikuuzeni: timu imayamba kufera pa asanu amenewa. Anthu amati bola akhale ojintcha. Ayi ndithu. Thupi lifunike, inde, koma mapazi akhale opepuka, mphunzitsi wawo akhale wodziwa ntchito, nayenso woponyayo asamakakamire mpira ngati ndi wa kunyumba kwawo. Chachikulu ndi kuzolowerana. Asanu amene akhalitsa limodzi amamvana osalankhula, wina akangosuntha phewa mnzake wadziwa kale woti amugwire. Avulale mmodzi, timu igule wina wodula chotani, mudzaona woponya mpira akudya udzu mpaka mlendoyo azolowere. Chala chimodzi sichiswa nsabwe, ndipo apa zala zake ndi zisanu. Choipa n'chakuti owulutsa mpira amatchula dzina la wotchinga pokhapokha akalakwitsa.

Ndinawapeza alamu ndi banja lawo atangochokera kutchalitchi. Mchemwali wanga anali pampando, Tadala ataima pakhomo la kukhitchini, thupi lodzaza chitseko, maso pansi. Ndinamufunsa mnyamatayo ngati akufuna kusiya. Anayankha m'Chingerezi monga mwa masiku onse, kuti iye ndi mnzake wa kumanzere kwake akhala akuphunzirana kuyambira chaka chatha, ndipo woponya mpira wawo ndi kamnyamata kochepa thupi. "Ndikachoka pano amuthyola, ankolo."

Ndinanyadira, sindibisa. Mwana wobadwira kuno, Chichewa chomuvuta pakamwa, koma akudziwa kuti mnzako sumuthawa pakati pa ntchito.

"Alamu," ndinatero, "mwandiitana ngati malume, ndiye ndagamula. Mwanayu sasiya."

Alamu anayamba kupukuta magalasi awo ndi tayi. Ndinkaopa kuti akwiya. Kenako anatembenukira kwa mwana wawo.

"Nanga Lachisanu likubwerali, ine ndiziyang'ana pati?"

Tadala anayesetsa, nayankha m'Chichewa chake chopindikacho: "Musamayang'ane mpira, adadi. Muziyang'ana ine."