Mimba imene ndinawabisira a metironi

Ndinali ndi zaka fifitini pamene ananditsekera kumalo osungirako ana olakwa. Mlandu wake? Ndinamenya mwana wa kapitawo ndi mkangala, kamtengo kopachikira fodya, m'chigafa kwathu ku Simlemba, mutu mpaka kung'ambika. Zimene mwanayo anandilankhula sindingazilembe pano. Koma chimene apolisi sankadziwa n'chakuti ndinali ndi mimba ya miyezi itatu.

Amayi atabwera kudzandiona anandikokera pambali, manja awo akununkhabe utomoni wa fodya.

"Usauze munthu, wamva? Mimba yoyamba salengeza anamkungwi asanakulangize. Anthu oipa amaimanga."

Ndiye ine ndinangoti ndwii. Chitenje ndinkamanga mothina, juzi pamwamba, dzuwa la Okutobala lija, tangoganizani!

Komatu Lachiwiri lililonse kunkabwera galimoto kudzatenga atsikana awiri oyembekezera kupita nawo kusikelo. Ankabwerako ndi mapilitsi owonjezera magazi, akutafuna mandasi. Ine ndinkangosuzumira pawindo, mwana akugunda m'mimbamu.

Mwezi wachisanu ndi chiwiri miyendo inatupa ngati mitondo. Mutu unkawawa, m'maso mukuthwanima tinyenyezi. A metironi, mayi amene ankatiyang'anira, anandiimitsa pamzere wa phala.

"Iwe Tadala, mapazi amenewa bwanji? Wayamba kuba mchere kukhitchini?"

Anzanga anaseka. A metironi sanaseke. Anandiyang'ana m'maso, n'kufunsa motsitsa mawu: "Mwana wanga, palibe chimene ukundibisira?"

"Palibe, amayi."

Patatha masiku anayi ndinagwa ndikusesa pabwalo. Akuti ndinkaphupha ngati nkhuku yodulidwa khosi. Ndinatsitsimukira kuchipatala cha pa boma, dilipi kudzanja, pamimba atasoka. Namwino anati magazi anathamanga kwambiri. "Izitu timazigwira kusikelo, kungoyeza pamkono basi. Unali kuti?"

Mwana wanga anali wamwamuna, wamng'ono ngati botolo la fanta. Anamuika pachifuwa panga masiku awiri. Lachitatu lake anasiya kupuma.

Patatha sabata anandibweza kuja. Mkaka unkangotuluka, bulauzi kunyowa, wopatsa palibe. Magazi nawo sanasiye msanga. A metironi ndi amene ankandiwiritsira madzi n'kundipezera nsalu, ndipo sanandifunsenso chifukwa chimene ndinawanamizira. Amayi anga atabwera anangokhala pansi n'kugwira kukamwa. Mpaka lero nkhaniyi sitinaikambepo.

Sindiwada amayi, ayi. Ankateteza mdzukulu wawo mmene anaphunzitsidwira. Koma anamkungwi anali kumudzi, ine ndinali kuseri kwa waya. Mwambo uja umafuna azimayi okuzungulira, okuona mapazi tsiku ndi tsiku. Ine ndinangotenga theka lake, lobisalo.

Pano ndimagulitsa mayunitsi pa Nkhamenya, foni siichoka m'manja. Kamtsikana kakangondilembera kuti "asisi, mwezi uno sindinaone", ndimakaimbira pompo, sindikasiya mpaka katapita kusikelo. Anthu amati Tadala ndi wolongolola. Eya, alekeni anene. Ndinakhalapo chete kamodzi.