Tsiku Limene a Mailo Anatsuka Dzina Lawo

Ku Mtendere kunalibe munthu wosawadziwa a Whyson Kamanga, ngakhale kuti dzina limeneli ankalitchula ndi abusa okha kutchalitchi. Komboni yonse inkawatcha a Mailo. Mailo m'kayankhulidwe ka mu Lusaka ndiye kuti mawa, ndipo mawu amenewa ankatuluka m'kamwa mwa a Whyson moni asanathe. Ukawaona akubwera poteropo, jekete lakale la kampani ya mabasi lili pamapewa, unkadziwiratu nyimbo yake. "Nizalipila mailo, amai, musavutike."

Sikuti anabadwa choncho ayi. Bambo awo anachoka ku Ntcheu kalekale kudzaphikira azungu mu Lusaka, ndipo anasiyira mwana wawo zinthu ziwiri, chizolowezi chopukuta nsapato ndi mawu aakulu ngati a ng'ombe. Mawuwo ndiwo anawapezetsa ukondakitala m'mabasi a boma. Pa ntchito imeneyi a Whyson anali munthu wosaseka ndi ndalama. Mlamu wawo weniweni anamutsitsira ku Kabulonga dzuwa lili pamutu chifukwa chopereweza tingwee tingapo.

Kenaka kunabwera zipani zambiri ndi msika waufulu. Anthu anavina m'misewu, a Whyson nawonso anavina mpaka nsapato kuda. Mizere ya shuga ndi sopo inatha, m'masitolo munadzaza katundu, koma walira mvula walira matope. Mitengo inayamba kuthamanga osacheuka. Malipiro a kukampani anayamba kuchedwa, mapeto ake kampaniyo inatsekedwa, antchito n'kuuzidwa kuti ndalama zawo zopumira ntchito adzalandira akadzalandira.

Ngongole zinayambira pamenepo. A Dyness, mayi wa kantemba ka pafupi ndi msika, anawapatsa thumba lathunthu la ufa ndi botolo la mafuta ophikira nthawi imene a Felistus, akazi a Whyson, anabereka mwana wawo Linda. A Chalwe, wogulitsa makala pamphambano, anawapatsa matumba awiri m'chisanu cha mwezi wa Juni. Linda anakwawa, anayenda, anayamba kutukwana nkhuku za anthu, ngongole zili pomwepo. A Whyson ankapezako kangachepe poitanira anthu m'maminibasi, kongokwanira pamela, tija timapaketi ta ufa todya tsiku limodzi. Kuchokera kunyumba kwawo kukafika pasiteji sipanali patali, koma iwo ankazungulira kuseri kwa zimbudzi ndi m'mipanda ya eni ake kuti asadutse pa kantemba kapena pamphambano. Agalu onse a ku Mtendere anawazolowera, osawauwanso.

Tsono tsiku lina ndalama zija zinatuluka. Zinali zochepa kuposa zimene anazilota, ndipo mwini nyumba anali woyamba kudulapo gawo lake. Komabe a Whyson anati ngongole zonse zithe. Mutu wawo unali wa kondakitala, mtengo uliwonse ankaukumbukira mmene unalili tsiku limene anatenga katunduyo. Anawerenga ndalama ndendende, osapereweza ngwee, nalawirira m'mamawa anthu asanadzuke, poti anachita manyazi. A Chalwe anazilandira, naziyang'ana, nayang'ana kumwamba. A Dyness anaziika m'thumba la epuloni nangoti, "Zikomo." A Whyson sanamve kuzizira kwa zikomoyo. Tsiku limenelo anadutsa mumsewu waukulu chifuwa chili patsogolo, akupereka moni ngakhale kwa anthu osawadziwa.

Ndalama zotsala sizikanakwana belo la salaula, zovala za kaunjika zimene aliyense ankathamangira kugulitsa zaka zimenezo. A Felistus ananena poyera kuti bizinesi ikapanda kuyamba, ndalamazi zidzathera m'mimba, ndipo chotsala chidzakhala kulongedza n'kupita ku Ntcheu. A Whyson anachita mantha kwambiri. Ntcheu ankangomumva m'nyimbo za bambo awo, ndipo khasu anali asanaligwirepo chibadwire. Njira inali imodzi yokha, kulowa chilimba cha ochita malonda pamsika. Pachilimba aliyense amasonkha sabata ndi sabata, mmodzi n'kutenga zonse, mosinthana mpaka onse atalandira. Palibe pepala losainirana, chikole chako ndi dzina lako. Ndipo wapampando wa chilimbacho anali a Dyness.

Lamulungu masana atatuluka m'tchalitchi, a Whyson anapukuta nsapato napita pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa msika, pamene gululo linkakumana. Analankhula bwino ndithu, ngati munthu wopempha mbeta. Anati iwo tsopano ndi munthu woyera, alibe ngongole ndi wina aliyense pansi pa thambo.

A Dyness anawalola kumaliza. Kenaka anapisa m'epuloni natulutsa ndalama zija, zili chipindire mmene anazilandirira.

"Ba Whyson, izi ndalama zanu sininazigwile. Tengani, pitani mukanigulile saka ya unga."

"Koma amai, mutengo unali wamene uyo. Nikumbukila bwino."

"Sinikana. Manje imwe munali kondakita. Nikabwela lelo pa steshoni na ndalama ya basi ya chaka chija, muzanikweza kufika mu tauni?"

A Whyson anatsegula pakamwa, koma ukondakitala unayankha iwo asanaganize. "Awe, mungaselukile pa geti." Kuseluka ndiko kutsika basi.

"Basi naimwe selukani. Ine ninakupasani unga, sininakupaseni mapepala. Izi ndalama lelo ni pamela iwili chabe."

Gulu lonse linafa nacho chiseko. A Chalwe, amene analinso m'chilimbamo, anawonjezera kuti zawo zija anagulira machesi, ndipo machesiwo anayatsira makala a munthu wina wolipira. A Whyson anatola ndalama zawo nabwerera kunyumba kudzera njira yakale ya kuseri kwa zimbudzi.

Kunyumba anayesa kudandaula. Anati si iwo anagwetsa kwacha, akafunse a boma. A Felistus ankachapa, ndipo sanadzutse n'komwe mutu.

"Batate bake Linda, unga tinadya saka yonse, olo munadya hafu? Futi ba Dyness banakupasani muzuba, bantu bonse baona. Imwe mwapita kubweza kuseni-seni monga kawalala. Nindani anaona?"

Mawu amenewa, akuti analandira masana n'kukabweza m'mamawa ngati mbala, anawalasa kuposa chiseko cha pansi pa mango. Anakhala pakhonde nawerenga zotsala zija, kubwereza ndi kubwereza, ngati kuti zingaswane. Thumba la ufa, botolo la mafuta ndi matumba awiri a makala pa mtengo wa tsopano zinkameza pafupifupi zonse. Zinali ndalama za belo zimenezo, ndipo mtima unawawa zedi. Koma belo popanda chilimba panalibe, chilimba popanda dzina panalibenso.

Loweruka, msika utadzaza, a Whyson anapita kukabwereka wilibala. Apa m'pamene anadziwa kulemera kwa dzina lawo. Anayenda nyumba zingapo, mawilibala onse anali atathyoka mwadzidzidzi, ena ali poonekera pabwalo. Potsiriza mmisiri wina wowotcherera zitsulo anavomera, koma anati asiye jekete. A Whyson anavula jekete la kampani, limene sanalivulepo pagulu chitsekereni kampaniyo, nalipachika pa msomali.

Makala anakagula kwa munthu wina kutsidya kwa msika, chifukwa kugula kwa a Chalwe n'kuwabwezera omwewo kukanaoneka ngati masewera. Ufa anasankha woyera, wa mtengo wapamwamba, wofanana ndi umene anadya. Anasanjika zonse pa wilibala, botolo la mafuta pamwamba, nalowa mumsewu waukulu dzuwa lili paliwombo. Poyamba anayenda mwakachetechete, maso pansi. Koma wilibalayo inkalira ngati nkhumba yomangidwa, anthu n'kumatuluka m'nyumba kudzaona. Akuluakulu anati ukaipa dziwa nyimbo. A Whyson anakoka mpweya natulutsa mawu a bambo awo aja.

"Malasha ya ba Chalwe! Unga wa ba Dyness! Nkongole ibwelela kwao! Patukani, patukani, basi ilibe mabuleki!"

Amayi anasiya ndowa pampopi. Amuna anatuluka m'thaveni makapu ali m'manja. Pofika pamphambano, kumbuyo kwawo kunali chikhamu ngati cha ukwati, ena akuimba nthungululu, ena akufunsa ngati a Mailo apenga. A Chalwe anakweza thumba lililonse kuyesa kulemera, anagwedeza mutu, nawagwira chanza ndi dzanja lakuda bii. Kenaka nawonso analowa pamzere kupita ku kantemba.

A Dyness anatuluka manja ali m'chiuno. Anazungulira wilibala, anatsina thumba, anayang'ana botolo padzuwa. Sanafulumire ayi, ankadziwa kuti komboni yonse ikudikira pakamwa pawo.

"Ba Whyson," anatero mokweza kuti ndi akumbuyo omwe amve, "nkongole yasila. Ku chilimba bwelani. Koma muzalandila pa lasiti, bonse bakasiliza."

A Whyson anavomera ndi manja awiri. Kulandira potsiriza ndiwo malo a munthu amene akumuyesa, koma anali malo ndithu. Anthu anaomba m'manja nayamba kubalalika. Iwo anatsala ataima pamenepo, malaya atanyowa. M'thumba munatsala ndalama zongokwanira kusonkha sabata yoyamba. Pamenepo m'pamene anakumbukira kuti kunyumba kulibe ufa ngakhale wodzaza supuni, ndipo tsiku limenelo sanapite kusiteji. Kupempha sakanatha.

A Dyness anawayang'ana kuyambira kunsapato zofumbira mpaka kumaso. Anamasula thumba lomwe lija, anatapa ufa ndi kapu, anadzaza kapepala ka pulasitiki, namanga.

"Tengani pamela. Mwana asagone na njala."

"Amai, nilibe ya kulipila lelo."

"Niziba. Muzalipila liti?"

Amene anali asanapite patali anaima. Milomo ya a Whyson inayamba yokha kuumba mawu akale aja, a Chalwe n'kuyamba kale kuseka. A Whyson anawabweza mawuwo. "Pa Mande, amai. Mukalibe kusegula."

"Olo mailo, ba Whyson," anatero a Dyness. "Manje mailo yanu nayikhulupilila."

Anabweza wilibala, anavala jekete lawo, nayenda pakati pa msewu atanyamula kapaketiko ndi manja awiri. Misozi inkatsika, iwo osaipukuta. A Felistus atawaona pakhomo anayang'ana kapaketiko, nayang'ana amuna awo.

"Imwe, mwabwela na nkongole futi?"

"Ee, bamake Linda," anayankha a Whyson, akuseka ndi kulira pamodzi. "Banikongoza. Sininapemphe."

Lolemba a Dyness pobwera kudzatsegula kantemba anapeza munthu atakhala pa mwala wa pakhomo, nsapato zikuwala, ndalama ili m'manja. Asanapereke, a Whyson anayamba afunsa ngati pamela sinakwere mtengo chiyambire Loweruka.