Ntchito ya Achemwali Inali Kukalipiridwa

Achemwali anga anayamba ntchito pa kauntala yolandirira alendo pa hotela yaikulu ija ya m'tauni ine ndisanatsegule saluni yanga. Ndi hotela ya anthu a ndalama, yoti ukangolowa umayamba wayang'ana nsapato zako. Pansi pamanyezimira ngati pathiridwa madzi, maluwa amasinthidwa asanafote, ndipo mlonda wa pakhomo amakupatsa moni molingana ndi galimoto yomwe watsikamo. Ine ndinalowamo kamodzi kokha, kukawasiyira makiyi a kunyumba, ndipo ndinatuluka ndikulankhula monong'ona.

Nkhani za kumeneko ndinkazimvera pamutu pawo. Lamulo la hotela limafuna tsitsi lomangidwa kumbuyo, lopanda ngakhale katsitsi kamodzi kothawa. Choncho tsiku lawo lopuma ankabwera ku saluni, kuvula gogoda, kuviika mapazi m'beseni la madzi ofunda, ine n'kumaluka iwo akufotokoza. Pa kauntala paja palibe mpando. Munthu amaima kuyambira polowa mpaka poweruka, uku akumwetulira, ngakhale dzino likumuwawa. Mlendo akamatulukira pakhomo, achemwali ankakhala atamudziwa kale asanatsegule pakamwa. Uyu watopa, osamuchedwetsa. Uyu akufuna aliyense adziwe kuti wafika, ndiye udindo wake utchulidwe mokweza. Awiri awa si banja, osawafunsa zambiri. Ankadziwa mlendo amene amadana ndi chipinda choyandikana ndi chikepe, ndiponso amene amaba matawulo koma sauzidwa kanthu chifukwa amabwera mwezi ndi mwezi.

Koma panali ntchito ina yomwe sanailembedwere, ndipo ndi imene inawadya.

Amanijala a hotelayo, bambo wa thupi labwino ndi mawu ofewa, anali ndi chizolowezi chogulitsa zipinda zambiri kuposa zomwe zilipo. Ankati mwa anthu osungitsa malo ena sabwera, nanga chipinda chigone chokha? Nthawi zambiri zinkawayendera. Koma linkafika tsiku loti onse abwera, ndipo munthu wongotsika ndege ndi masutikesi ake ankauzidwa kuti m'chipinda chake muli kale wina. Munthu wa ndalama akapsa mtima samva zoti kompyuta yalakwitsa. Amafuna aone nkhope ya wolakwa, ndipo amuone akulangidwa iye ali pomwepo.

Nkhope imeneyo inali ya achemwali anga. Tsiku loyamba amanijala anawakokera pambali n'kuwanong'oneza kuti awakalipira pang'ono, asazitengere kumtima, ndi sewero chabe. Kenako anabwerera pamaso pa mlendo n'kuyamba kuzaza. Anawanena kuti ndi osasamala, kuti achititsa hotela manyazi, kuti nkhaniyi sithera pomwepo. Achemwali anangoti zyoli, manja atagwirana kutsogolo, n'kunena chapansipansi kuti, “Pepani bwana, ndalakwitsa ndine.” Mlendo uja, poona mayi wamkulu akunyozedwa chonchi, mtima unagwa. Anayamba yekha kuwapepesera kuti asachotsedwe ntchito, ndipo anakwera mwakachetechete galimoto yomuperekeza ku hotela ina.

Mlendoyo atachoka, amanijala anaitanira achemwali mu ofesi. Anawaitanitsira tiyi wa mkaka ndi keke ya kukhitchini, anaseka mpaka kupukuta misozi, n'kuwauza kuti ali ndi mphatso. Tsiku lomwelo anawalonjeza kuti mkulu wa pa kauntala akadzapuma pa ntchito, malowo ndi awo.

Ena anayesedwapo koma zinakanika. Wina anaphulika kuseka pakati pa kukalipiridwa. Wina magazi anamukwera, anayankha. Achemwali okha ndiwo ankadziwa pozyolika ndi podzutsa maso, ngakhale kanjenjemeredwe ka mlomo kokwanira bwino. Anzawo anawapatsa dzina loti Mayi Pepani, iwo n'kumalinyadira. Akakhala pa tchuthi ankaimbiridwa foni kuti abwere msanga, kwabwera mlendo wovuta. Ku saluni ankatichitira seweroli tsitsi lili theka, makasitomala anga n'kumagwa nako kuseka.

Ine sizinkandiseketsa. Ndinawauza kangapo kuti bambo ameneyu akuwadyera masuku pamutu, kuti munthu sabwereketsa nkhope yake ngati mbale. Iwo ankangondiyankha kuti, “Iwe luka tsitsi, za hotela suzidziwa. Ine ndi amanijala timamvana.” Ndipo chomwe ankafunira udindo uja ndinkachiona ndi maso anga m'beseni muja. Miyendo inali itayamba kutupa, mitsempha itatuluka. Mkulu wa pa kauntala amakhala ndi kaofesi kake, amapuma kumapeto kwa sabata, ndipo sakalipiridwa pagulu. Achemwali ankalera okha ana awo awiri, ndipo wamkulu anali atafika pa msinkhu womva za amayi ake kwa anthu.

Zaka zinapita. Mwini hotela anakalamba n'kusiyira zonse mwana wake wamkazi, yemwe anali atangobwera kuchokera ku maphunziro. Adonawo sanafike ndi phokoso. Ankakhala pa sofa ya pakona, pafupi ndi maluwa, kompyuta ili pamiyendo, n'kumangoona mmene ntchito ikuyendera. Inali nyengo ya misonkhano, hotela inkadzaza, ndipo amanijala sanasiye chizolowezi chawo. Achemwali anakalipiridwa kawirikawiri mwezi umenewo, adona ali pomwepo. Chondipweteka n'choti ankachita kuonjezera luso. Ankaganiza kuti amanijala anawafotokozera kale adonawo, ndipo kuti akuonetsa bwana watsopano kudzipereka kwawo.

Mkulu wa pa kauntala anatsanzika, ndipo achemwali anauzidwa kuti akaonekere ku ofesi. Dzulo lake ndinawaluka bwino kuposa mkwatibwi, sindinawalipiritse. Anagula masokosi atsopano, jekete anakalichapitsa. Pochoka pa saluni anandiuza kuti ndiyambe kuwapatsa ulemu, mawa akhala bwana.

Mu ofesimo anapeza adona atakhala pa mpando wa amanijala, amanijalawo ataima cha pawindo. Adona analankhula mwaulemu ndithu. Anati akudziwa kuti achemwali akhalitsa, koma zomwe aona ndi maso awo n'zodetsa nkhawa. Pafupifupi mlandu uliwonse wa zipinda unkagwera munthu mmodzi, ndipo munthuyo ankavomera yekha. Anati sangapereke kauntala yonse kwa munthu wotero, ndipo kunena zoona sakumvetsa chifukwa chake wasungidwa kutsogolo nthawi yonseyi.

Achemwali akuti poyamba anamwetulira. Anatembenukira kwa amanijala, podziwa kuti apa ndiye pomwe aseke n'kuulula zonse.

“Bwana, afotokozereni,” anatero.

“Ndiwafotokozere chiyani, mayi?”

“Za sewero lija. Zoti zipinda mumagulitsa ndinu, ine ndimangovomera.”

Amanijala anapukusa mutu mwachisoni n'kuyang'ana adona. “Mwaonatu, dona. Ndawapirira mayiwa zaka zonsezi chifukwa cha ana awo. Lero akufuna andipake ine.”

Achemwali akanati chiyani? Adona anali atawamva ndi makutu awo, osati kamodzi, akunena kuti ndalakwitsa ndine. Achemwali anali atachita sewerolo bwino kwambiri moti choonadi chinamveka ngati bodza la munthu wogwidwa. Anzawo onse a pa kauntala ankadziwa, onyamula katundu ankadziwa, ngakhale a kukhitchini omwe ankadula keke ija. Palibe anatsegula pakamwa. Aliyense ali ndi pakamwa podyetsa kunyumba, ndikudziwa, koma mpaka lero ndikakumana nawo pa msewu sindiwapatsa moni.

Udindo unapita kwa mnzawo wina yemwe anamuphunzitsa okha ntchito. Iwo anasamutsidwira ku kachipinda ka mafoni, kuseri kwa mosungira masutikesi, kopanda windo, komwe ntchito yake ndi kulumikiza mafoni ndi kudzutsa alendo m'mawa. Malipiro anatsikako. Adona anati awachitira chifundo, ena akanawachotsa.

Sabata imeneyo anabwera ku saluni koma sanafotokoze zambiri. Ine ndi amene ndinalalata mpaka makasitomala kuthawa. Ndinati ndipita ku hotelako ndikamuvule tayi bambo ameneyo pamaso pa alendo ake. Ndinati achemwali asiye ntchito, adzakhale nane, tidzagawana zomwe zilipo. Achemwali anangondiuza kuti ndikuwakoka tsitsi. Chinkawawawa si kachipinda kaja ayi. Anati zaka zonsezi ankakhulupirira kuti pa hotela ponse pali munthu mmodzi amene akudziwa kuti iwo salakwitsa, ndipo zimenezo zinkawakwanira.

Sipanapite nthawi yaitali, zinachitikanso. Kunabwera bambo wina wolemera ndi mkazi wake, kudzakumbukira tsiku la ukwati wawo, atasungitsa kalekale chipinda chapamwamba choyang'ana ku dziwe losambira. Anapeza muli munthu. Bamboyo anamenya kauntala, alendo ena n'kuyamba kuima kuti aonerere. Mkulu watsopano uja anakaniratu kusenza mlandu, poti anali ataona komwe njirayo imathera. Adona anali atachokapo. Ndiye chitseko cha kachipinda ka mafoni chinatseguka, amanijala n'kusuzumira, thukuta lili kamukamu.

“Mayi, tithandizeni. Ndi inu nokha mumatha.”

Ndinawafunsa achemwali kuti anadzukiranji. Ine ndikanamuponyera foni kumaso. Anati sakudziwa, miyendo inangonyamuka yokha ngati kale. Anati mwinanso mumtima munali kachiyembekezo kopusa, koti akawapulumutsa ulendo uno amanijalawo achita manyazi n'kukanena zoona. Anakonza jekete, anatsata amanijala kudutsa pakati pa masutikesi, n'kukaima pamalo pawo pakale.

Amanijala anayamba monga mwa masiku onse, za kusasamala ndi za manyazi a hotela. Achemwali anazyolika. Koma mlendoyo sanafewe, ankangofuula kuti akufuna chipinda chake. Pamenepo amanijala anakweza mawu kuti onse oonerera amve. Anauza bamboyo kuti mayiyu si koyamba, n'chifukwa chake anamanidwa udindo, n'chifukwa chake anachotsedwa pa kauntala n'kukabisidwa kuseri, ndipo akudyabe pano chifukwa cha chisoni chabe.

Achemwali anayesa kunena pepani wawo uja, mawu anakana kutuluka. Analira. Osati kanjenjemeredwe ka mlomo kaja ayi, koma kulira kwenikweni kwa munthu wamkulu, mapewa akugwedezeka, mamina akutuluka, pamaso pa alendo, pa mlonda ndi pa anzawo omwe ankangoyang'ana makompyuta awo. Mkazi wa bambo uja anatulutsa kampango m'chikwama n'kuwapatsa, kenako anakoka mwamuna wake dzanja n'kumuuza kuti zakwana. Analandira chipinda china chaching'ono popanda kuonjezera mawu.

Achemwali anabwerera kuseri akupukuta m'maso. Asanafike pa chitseko chawo anamva mapazi kumbuyo. Anali amanijala, akupuma mwawefuwefu, nkhope ili yowala ndi chimwemwe. Achemwali anaima, poganiza kuti mwina tsopano bamboyo apepesa.

“Mayi, lero mwaposa masiku onse,” anatero amanijala, akuwasisita paphewa. “Misozi imeneyi mumaibisa kuti? Muzichita chonchi nthawi zonse.”

Pomwe ankandifotokozera zimenezi ndinali nditasiya kuluka, chipeso chili m'manja. Ndinawafunsa kuti anamuyankha chiyani. Anandiyankha akuyang'ana mapazi awo m'madzi.

“Ndinati zikomo, bwana.”