Kuperekeza a Kamzimbi Kwawo

Ndinaganiza zopita ku Halale chaka chimene fodya wanga anamukana pamsika. Ndinali nditangokwatira kumene, mkamwini kwa a Nambewe kufupi ndi Ntcheu, ndipo msonkho unandipeza m'manja muli mbee. Apongozi sanandinenere mawu oipa. Ankangoyang'ana nsalu yong'ambika ya mwana wawo, kenako n'kundiyang'ana ine. Nditawauza akazi angawo, a Nambewe, za ulendowo anali akusenda mbatata, ali ndi pakati. Anangofunsa kuti, "Mudzabwera mwanayu asanayambe kuyenda?" Ndinati inde, ndipo panthawiyo ndinkakhulupirira zimene ndinkanenazo.

Tinapita wapansi kudzera ku Nyungwe, gulu la amuna ochokera m'midzi yosiyanasiyana. Za njirayo sindikumbuka zambiri, koma ludzu ndi ming'alu ya kumapazi. Nditalandira chitupa ndinamva kuti kumigodi ya golide ya ku Que Que akulemba anthu, ndiye ndinakathera pamgodi wina waung'ono kunja kwa tauniyo. Anandipatsa fosholo. Ntchito yanga inali yopakira miyala m'ngolo pansi panthaka, m'malo otentha, afumbi, momwe munthu sadziwa ngati kunja kwacha kapena kwada.

Anthu akamandifunsa lero kuti chinkavuta kwambiri n'chiyani, amayembekeza kuti nditchula fosholoyo. Koma chinkavuta chinali Lamulungu. Masiku ena thupi linkatopa mpaka mutu sunkaganiza. Lamulungu munthu unkadzuka wopanda chochita, ndiye mtima n'kupita kumudzi. M'komponi mtundu uliwonse unali ndi ngodya yake: Achewa ndi ng'oma zawo uku, Asena uko, Ashona ndi Andebele kwawo. Eni dziko ankatitcha Mabulantaya, ngakhale ife amene ku Blantyre tinali tisanapondeko. Ine kuvina sindinkatha, mowa unkandidwalitsa. Ndiye ndinkangoyendayenda, mpaka tsiku lina ndinatulukira kuseri kwa mulu wa mchenga wa mgodi, kumene anyamata ankasewera mpira.

Pambali pa bwalolo panaima mkulu wina wamtali, wotsimphina, atavala chipewa chakutha. Anyamata onse ankamutcha Madala. Atandimva ndikulankhula ndi mnzanga anatembenuka.

"Mnyamata, kwanu n'kuti?"

"Ku Ntcheu, bambo."

"Livulezi ukadali ndi madzi?"

Ndinati ukadali nawo. Anagwedeza mutu, n'kubwezera maso kumpira. Umo ndi momwe ndinadziwira a Yotamu Kamzimbi. Mudzi wawo ndi wa a Nambewe unali ulendo wa m'mawa umodzi. Iwo anachoka kwawo nkhondo yoyamba ya azungu isanayambe. Mpira anauphunzirira pasukulu ya mishoni, ndipo ankati pa unyamata wawo ankathamanga, mpaka ngolo inawaphwanya bondo. Kuyambira pamenepo anawaika m'nyumba yosungira nyale, ndipo madzulo ankaphunzitsa anyamata.

Ine mpirawo unandikana. Anandiyesa kangapo, kenako anandiuza mosabisa kuti miyendo yanga ndi ya kumunda. Koma sanandithamangitse. Ndinakhala mmodzi wa oimba pambali, pamodzi ndi ana obadwira m'komponi momwemo, amene Chichewa chawo chinali chosakanikirana ndi Chishona ndi Chilapalapa, chilankhulo cha pamgodi, moti nthawi zina ndinkachita kufunsa kuti akuti chiyani.

Chimene anyamata ankawakondera a Kamzimbi sichinali kupambana kokha, pakuti tinkagonjanso kawirikawiri. Iwo ankasankha timu posayang'ana mtundu. Chaka china anachotsa pagolo mwana wa kapitawo wachichewa n'kuikapo Tichaona, Mshona wowonda wa ku Gwelo. Achewa anadandaula, kapitawoyo anabwera yekha kudzawakumbutsa kuti magazi ndi magazi. Iwo anamuyankha kuti, "Mpira sufunsa chitupa, achimwene. Mwana wanu akaphunzira kugwira, adzabwerera." Kapitawoyo anawasungira chakukhosi mpaka kalekale, koma Tichaona anakhalabe pagolo. Zuze, Msena amene ankasewera kumbuyo, mchimwene wake atafera pansi mwala utamugwera, a Kamzimbi anatenga timu yonse kukakumba manda. Andebele ndi Ashona anakumbira Msena, chinthu chimene m'komponimo chinali chisanaonekepo.

Ndimakumbukanso ulendo wa ku Selukwe. Tinapita pa lole, titadzazana ngati matumba. Woimbira masewero anali wa komweko, ndipo anakana chigoli chathu choonekeratu chimene anamwetsa Jairosi, mwana wa Mngoni wobadwira pamgodi. Anyamata athu anayamba kutola miyala, a kumeneko anazula mitengo ya mpanda. A Kamzimbi sanakalipe. Anatsimphina mpaka pakati pa bwalo, anavula chipewa, n'kukhala pansi pafumbi. Aliyense wofuna kugenda akanayamba wagenda iwo. Miyala inagwa m'manja umodziumodzi. Tinagonja. Pobwerera Jairosi ankalira ndi mkwiyo, iwo n'kumuuza kuti, "Mawa uli ndi shifiti. Ukanagona kupolisi, amayi ako akanadya chigolicho?"

Za kumudzi ndinkamva mwa apaulendo ndi makalata amene mlembi wina ankatiwerengera. Ndinamva kuti mwana wabadwa wamkazi, amutcha Esinati. Ndinamva kuti wayamba kuyenda. Kenako ndinamva kuti wayamba kutunga madzi. Zaka zoyamba ndinkatumiza bulangete, nsalu, ndi kandalama ka msonkho. Koma malipiro anali ochepa, ndipo sitolo ya pamgodi inkawadya asanafike m'manja. Chaka chilichonse ndinkati ndidikire ndigule njinga, ndisafike kumudzi ngati mmene ndinachokera. Njingayo inkangosunthira kutsogolo. Uthenga wa a Nambewe unayamba kufupika. Womaliza unabwera pakamwa pa mlamu wanga: "Akuti ngati mwatchona muwauze, adziwe chochita."

Ndinawauza a Kamzimbi. Iwo anati, "Inenso ndinkadikira njinga."

Nkhondo yachiwiri itatha, chifuwa chawo chinakula. Fumbi la zaka zimene anagwira pansi linali litakhala m'mapapo. Anayamba kuphunzitsa atakhala pabokosi, ndipo akafuna kukuwa ankakodola Jairosi kuti akuwe m'malo mwawo. Dokotala atawayeza, ofesi inawaitana n'kuwauza kuti ntchito yatha, alandire tikiti ya sitima apite kwawo. Lamulo la komponi linali lakuti wosagwira ntchito sagonamo.

Anyamata sanavomere. Anasonkhana kubwalo, osewera ndi oonerera omwe. Tichaona, amene tsopano anali ndi mkazi ndi chipinda chake, anati awalembetsa kuti ndi bambo ake. Wina anati awatengere kumudzi kwa amalume ake cha ku Silobela, aziwabweretsa Lamulungu lililonse. Jairosi anagwada pafupi ndi bokosi lija.

"Madala, musapite. Kuno ndiye kumba kwanu, mudzi wanu. Uko akudziwani ndani?"

"Kuli manda a amayi anga," iwo anatero. "Ndikufuna ndikagone pafupi nawo. Ndipo Tichaona akanama kuofesi, amuchotsa ntchito. Sindinakuphunzitseni kuti muzitaya ntchito chifukwa cha nkhalamba."

Paulendo wotere sakanatha kuyenda okha. Onse anandiyang'ana ine, wakwawo. Ndinavomera, ndipo kunena zoona ndinapeza mpumulo. Ndinali nditapeza chifukwa chobwererera chopanda njinga.

Tsiku lonyamuka anyamata anawanyamula pamapewa kuchokera pachipata cha komponi mpaka pamsewu pomwe lole inkadikira. Sanaimbe nyimbo za mpira. Ankangoyenda. Ana aang'ono ankathamanga m'mbali, amayi anatuluka m'zipinda. Anyamatawo anali atasonkherana n'kuwagulira jasi lolemera, poti ku Ntcheu kumazizira. Zuze, amene sankalankhulalankhula, anawagwira dzanja osafuna kulisiya mpaka lole inayamba kuyenda.

Tinabwerera pa sitima, kudzera ku Umtali ndi dziko la Apwitikizi, n'kuwoloka Zambezi pamlatho umene kunalibe pamene iwo ankapita. Njira yonse ankatsokomola ndi kundiuza za mudzi wawo: mtengo wa mkuyu wa pabwalo, mlongo wawo wamng'ono amene ankawatsatira kubusa. Titatsika pa Balaka ndinawapezera ngolo ya ng'ombe.

Mudziwo tinaupeza utasamuka. Pamalo akale panali munda wa chimanga. Titafunsa, anatilozera kutsidya, kwa mphwawo, mwana wa mlongo wawo uja. Mlongoyo anali atamwalira kale. Mphwawoyo, bambo wa imvi zake, anatuluka, anamva dzina, n'kukhala pansi pakhonde.

"Malume Yotamu? Koma ife tinamva kuti munafa. Amayi anameta, mowa tinaphika."

Sanatithamangitse. Anayala mphasa, anapha nkhuku, anthu anabwera kudzaona. Koma ankawayang'ana monga mmene umayang'anira katundu amene wafika panyumba pako molakwika. Maso awo ankapita pa kabokosi kamene tinabwera nako, momwe munali malaya, mbale ndi Baibulo. Ndinaona kuti ndiyenera kulankhula. Ndinawauza kuti munthu ameneyu ku Que Que amamudziwa aliyense, kuti anyamata anamunyamula pamapewa, kuti anaphunzitsa mpira mitundu yonse.

"Mpira?" anafunsa mayi wina. "Uja amasewera ana asukulu?"

Ena anaseka pang'ono, osati mwachipongwe. A Kamzimbi anandigwira bondo. "Asiye," anatero. "Kuno sindinalimeko, sindinaike maliro a munthu. Andidziwira pati?"

Manda a amayi awo tinakawafuna m'nkhalango, koma palibe amene ankakumbuka bwino kuti mtumbira wake ndi uti. Anaima pakati pa mitengo, atavala jasi lija, akupuma movutikira. Kenako anati tibwerere.

Ine ndinapitirira kwa a Nambewe. Ndinawapeza akupeta, atakalamba kuposa zaka zawo. Anandilonjera bwino, monga mlendo wolemekezeka, n'kuitana mtsikana wamkulu amene anali kuseri. Esinati anagwada patali, anati, "Muli bwanji?" kenako n'kuyang'ana amayi ake kuti amuuze kuti ndine yani. Sanakwatiwenso a Nambewe, koma sanandidikirenso. Nyumba anamangitsa okha, munda ankalima ndi alongo awo, ndipo zonse zinkayenda popanda ine. Anandiuza kuti, "Khalani. Koma musatiuze za kumeneko tsiku lililonse. Ifenso kuno tinali ndi zathu."

Ndinakhala. Mpaka lero ndikadali pano, ndipo zinanditengera zaka kuti Esinati anditche bambo mosachita kuganizira. Loweruka lililonse ndinkapita kukaona a Kamzimbi. Ankakhala padzuwa kuseri kwa nyumba ya mphwawo, ndipo tinkalankhula Chilapalapa chathu chosakaniza, anthu akutidabwa. Ankafunsa ngati kwabwera uthenga wa kumgodi, ngati Tichaona wasiya chizolowezi chake chotuluka pagolo msanga. Anamwalira chimanga chili m'munda, asanadye chatsopano.

Pamaliro panabwera anthu a m'mudzimo ndi a mpingo, chifukwa maliro ndi maliro. Panalibe wolira kwenikweni. Mkulu wa mpingo, pofuna kunena mbiri ya womwalira, anasowa poyambira. Anatembenukira kwa mphwawo uja.

"Kodi malemuwa anasiya ana?"

"Ayi, sanasiye mwana."

Ndinapezeka nditaimirira. "Anasiya," ndinatero. Anthu anatembenuka. Ndinayamba kutchula: Jairosi, Tichaona, Zuze, ndi ena onse amene ndinkawakumbuka, amene anali atasiya kale kusewera ndi amene anali akungoyamba. Maina achishona, achindebele, achisena, amene pamanda amenewo anali asanamvekepo. Mkulu wa mpingo anamvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anafunsa mwaulemu ndithu:

"Nanga anawo tiwadikire?"

"Ayi," ndinatero. "Ali kuntchito. Sangawalole."

Anagwedeza mutu, n'kuuza adzukulu kuti akwirire. Titamaliza ndinasamba m'manja pamodzi ndi anzanga, n'kuyamba ulendo wobwerera kwa a Nambewe dzuwa lisanapendeke, chifukwa m'mawa mwake tinkayenera kukapalira.