Chilombo ndi Who kapena Which?

Chaka chimene ndinali mu giredi seveni, sukulu yathu ya ku Zingalume inalandira mphunzitsi watsopano wa Chingerezi. Anali mayi wachitsikana wochokera kumigodi, wamtali, wolankhula Chinyanja cha m'tauni chimene ife tinkaseka tikakhala patokha. Anafika pangolo kuchokera ku boma, atakhala pamwamba pa matiresi awo, chifukwa mvula inali itadula msewu. Sankamenya ana, ndipo ankaphunzitsa momveka.

Teremu yachiwiri tinafika pa timawu tolumikizira ziganizo ndi tofunsira. Ife tinazolowera kuti mawu oterewa amatsata dzina: munthu amene, chingwe chimene, mbuzi imene, khasu limene. Amadamu anati Chingerezi sichidzivutitsa choncho. Chimangofuna kudziwa ngati ukunena za munthu kapena ayi. Akakhala munthu, who. Ikakhala nyama kapena chinthu, which. Pofunsa napo n'chimodzimodzi: "Who is that?" ukafuna kudziwa munthu, "What is that?" ukaona chinthu chachilendo. Tinkabwereza mokuwa za namwino who anabwera ndi mbuzi which inadya chimanga mpaka a giredi sikisi kudandaula.

M'kalasi mwathu munali ana a mabanja a Chikatolika, ngati ine, ndi ana ochokera m'midzi ya gule. Tinkakhala limodzi popanda vuto. Pabenchi yakumbuyo pankakhala mnyamata wamkulu kuposa tonse, ndevu zitayamba kale kumera. Anachedwa kuyamba sukulu chifukwa choweta ng'ombe za bambo ake, ndipo tonse tinkadziwa kuti anali atagula njira, kutanthauza kuti analowa kale m'gule. Masamu ankakhoza kwambiri, koma pa Chingerezi sankatsegula pakamwa.

Tsiku lina amadamu anati aliyense apange chiganizo chake cha zimene waona sabata imeneyo. Kumudzi kwa mnyamata uja kunali kutachitika maliro a munthu wamkulu. Tinadabwa kumuona atakweza dzanja. Anaimirira n'kunena pang'onopang'ono, osaphonya liwu:

"The nyau which danced at the funeral came from the graveyard."

"Wayesetsa kwambiri," anatero amadamu akumwetulira. "Koma pamenepo tiika who."

"Iyayi madamu, ndi which."

"Nanga m'kati mwa nthenga zija mumakhala chiyani? Si munthu? Mwina ndi akulu ako kapena amalume ako atangovala chigoba."

Anaseka okha. Atsikana tonse tinazolika mitu. Mawu amenewo sanenedwa pamaso pa akazi ndi ana. Kwathu gule ndi chilombo, chimachokera kumanda, ndipo ngakhale ife a kutchalitchi tikakumana nacho panjira tinkathawa, osafunsa kuti ndani.

Mnyamatayo anatola makope ake n'kutuluka. Anzake a m'midzi ya gule anamutsatira mmodzimmodzi. Amadamu anawaitana pakhomo, koma palibe anacheuka. Anabwerera n'kutifunsa kuti chalakwika n'chiyani, ife n'kungoyang'ana pansi.

M'mawa mwake mabenchi akumbuyo anali opanda anthu. Kenaka kunamveka mphekesera yoti zilombo zibwera kusukulu kudzawatenga amadamu, ndipo amayi ena anasiya kutumiza ana awo aakazi. Zilombozo sizinabwere. Amene anabwera anali amalume ake a mnyamata uja, panjinga, pamodzi ndi akuluakulu ena. Ahedi a sukuluyo anawatulutsira mipando pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa ofesi. Ahediwo anali bambo wachikulire wa konkuno, Mkatolika, koma wobadwira m'mudzi wa gule.

Kalasi yathu inali pafupi, choncho tinkamva zambiri. Palibe amene anakweza mawu.

"Aphunzitsi," anatero amalume aja, "mwanayu tinam'pereka kuno kuti aphunzire Chizungu. Sitinam'pereke kuti makolo ake azivulidwa pamaso pa atsikana."

"Mlendo ndi mlendo, bambo," anayankha ahedi. "Kwawo kulibe zimenezi. Kulakwa n'kwathu, ife amene sitinam'langize atafika."

Anawaitana amadamu. Anatuluka atamanga chitenje chobwereka kwa akazi a ahedi, nagwada, napepesa m'Chichewa chothyokathyoka chimene anali atangophunzitsidwa m'mawa womwewo. Anapereka nkhuku, imenenso inachokera m'khola la ahedi. Amalumewo anaimangirira kukaliyala ya njinga n'kunyamuka.

Anyamata atabwerera, ahedi analowa okha m'kalasi mwathu, amadamu ataima pawindo.

"Lamulo limene mwaphunzitsidwa n'lolondola," anatero. "Munthu timati chiyani?"

"Who!"

"Nanga nyama?"

"Which!"

"Tsono gule kwathu kuno timati n'chiyani?"

"Chilombo!"

"Basi. Chiganizo chija chinalibe cholakwika."

Anachilemba pabolodi monga momwe mnyamatayo anachinenera, n'kuchonga ndi choko, n'kutuluka. Amadamu anadikira pang'ono, kenaka anafufuta n'kuyamba kutiphunzitsa whose, ndi chitsanzo cha mlimi amene ng'ombe yake inasowa.

Mtima wawo sunakhutire. Ndinadziwa chifukwa Loweruka lina anakumana ndi amayi anga pachitsime, ine ndili pomwepo ndi ndowa yanga.

"Amama, ine ndinapepesa, koma sindinaname," anatero. "Ana aja onse akudziwa kuti ndi anthu. N'chifukwa chiyani tikubisa?"

Amayi anapitiriza kutsuka ndowa ndi mchenga. "Palibe chobisika apa, mwanangu. Tonse timadziwa. Kungoti sitinena. Iwenso uli ndi zako zimene umadziwa za amayi ako koma sunganene pagulu."

Amadamu anasenza madzi awo n'kumapita, akuwatayikira pamsana, popeza kusenza anali asanazolowere.

Mnyamata uja anapitiriza kubwera kusukulu, koma sanakwezenso dzanja pa Chingerezi. Amadamu anayesa kumufunsa mafunso osavuta, iye n'kumangoti, "Sindidziwa, madamu." Mayeso anakhoza, malo ku sekondale ya ku boma anapeza, koma bambo ake anadwala chaka chomwecho ndipo ng'ombe ndi munda zinatsala m'manja mwake. Amadamu anakhala pasukulupo zaka zingapo, Chichewa chawo chinawongoka, kenaka anawasamutsira ku Chipata. Sindinamvenso za iwo.

Ine ndinapitiriza maphunziro ndipo tsopano ndimagwira ntchito ku boma. Mnzanga wa pabenchi yakumbuyo uja ndimakumana naye pamsika nyengo yokolola, akabweretsa nsawa. Wanenepa, imvi zayamba. Ulendo watha anali ndi mwana wake wamkazi, amene akulemba giredi naini. Anandifunsa ngati ndikudziwa banja labwino pafupi ndi sekondale kumene mwanayo angamakhale, chifukwa njinga ya tsiku ndi tsiku ikumutopetsa. Ndinamuuza kuti ndifunsa kwa anzanga a kutchalitchi, ndipo anati palibe vuto, bola akhale anthu osamwa mowa.