Imelo Ndi Mwana wa Ndani?

Pasukulu pathu ku Bundabunda, ba Vitalis ndiwo amasesa ofesi, kuliza belu ndi kutumidwa. Anabadwira pafupi ndi mishoni, sukulu analekeza giredi folo, ndipo chimwalirire akazi awo amakhala okha m'kanyumba kakuseri kwa dimba. Ine ndaphunzitsa pano zaka khumi ndi chimodzi. Munthu wofatsa mpaka kukukwiyitsa ngati ameneyu sindinamuonepo.

Koma mwezi ukamatha ankasintha. Ankasita jekete ndi ayironi yamakala, kupukuta njinga, n'kunyamuka kukatenga mapeyisilipi athu ku boma ku Chongwe, timapepala tosonyeza malipiro a mphunzitsi aliyense. Minibasi ankaikana, ati pa njinga munthu amaona bwino. Pobwera ankapalasa pang'onopang'ono, envulopu pachifuwa, maso ali kumapiri kumene utsi wa lupsa umagona, akung'ung'udza kanyimbo ka ku Misa. Ukawapatsa moni ankayankha utadutsa kale.

Lolemba lina ahedi, ba Norbert, anatiuza kuti boma latopa kuwonongera ndalama pa mapepala ndi inki. Mwezi uno ndi wotsiriza. Kenako mapeyisilipi azibwera ndi imelo.

Masana ba Vitalis anandipeza ndikuchonga makope pansi pa mango.

"Ba ticha," anatero, "uyu Imelo ni mwana wa ndani?"

Ndinaseka mpaka misozi, Mulungu andikhululukire. Iwo anangoima, chipewa m'manja.

"Ni mnyamata? Ali na njinga? Ndiye azayamba kunkhala pa benchi ya ba Clotilda."

Apo kuseka kunandithera. Ba Clotilda ndi kalaliki wa ku boma amene ankasanja mapeyisilipiwo, mayi wamasiye wovala magalasi. Zaka zisanu ndi zinayi, mwezi ndi mwezi, ankawapatsa tiyi pa benchi imeneyo, ndipo ife ndi madipuloma athu sitinaone kanthu. Ndinachita manyazi.

Ndinawafotokozera kuti Imelo si munthu. Pepala lizingotulukira m'foni ya mwini wake, popanda wolinyamula. Ndinkayesa mtima wawo ukhala pansi, koma nkhope inagweratu.

"Akanakhala munthu, nikanamupempha anisiileko ulendo," anatero. "Manje mphepo nizakamba nayo bwanji?"

"Nanga zaka zonse izi mumakamba chani na ba Clotilda?"

"Za mvula. Nthawi zina za kulima milisi."

Anakhala pansi n'kundiuza zimene amaona akamapalasa. Ati amaona ba Clotilda atakhala pa keliyala wa njinga yawo, chitenge chikuuluka, akuwoloka mlatho wa Chongwe madzi akuyenda phee pansi, ng'ombe zikumwa, ndipo palibe wolankhula. Akafika potsika amagwira mabuleki mosamala kuti mayi asagwe. Keliyala wopanda munthu, inu.

"Mwabauza?" ndinafunsa.

"Kuona maso a nkhono ni kudekha."

"Nkhono yanu izasamuka na chigoba chake, mudala. Zenela la mapeyisilipi balitseka mwezi uno."

Tsiku lotsiriza ndinakwera minibasi kupita ku boma, ati kukalembetsa imelo yanga. Bodza, ndinkafuna kuona ndi maso anga. Ndinawapeza ba Vitalis ali pa benchi, kapu m'manja, akukamba ndi ba Clotilda za mvula mu Seputembala. Tiyi anatha. Ba Vitalis anasaina m'buku, anaimirira, n'kunena, "Zikomo, musale bwino." Ndinafuna kuwatsina.

Ba Clotilda sanakweze mutu pa mapepala awo.

"Mwezi wamawa kulibe chotenga kuno, ba Vitalis."

"Eee."

Anaima pakhomo akupota chipewa. Fani inkazungulira pamwamba, panja wogulitsa chinangwa ankaitana.

"Njinga yanga ili na keliyala," anatero potsiriza. "Yolimba maningi."

Ba Clotilda anavula magalasi n'kuyang'ana ba Vitalis nthawi yaitali.

"Zaka naini nakuphikilani tiyi na shuga yanga, lelo muniuza za keliyala?"

"Nikamba za imwe, mayi."

Mayi aja anavalanso magalasi n'kuyamba kusanja mapepala osanjidwa kale.

"Bamalume banga ni ba Jabez, ku Palabana, kuseli kwa makola ya ng'ombe. Tsiku la Sondo bapezeka. Musapite mweka monga wogula mukaka. Mutume munthu mukulu."

Kwathu kuno mkazi akakulozera kwa amalume ake, wayankha. Ba Vitalis anawomba m'manja kawiri, mofatsa, n'kutuluka chammbuyo. Pazenera ndinawaona akukankha njinga osaikwera, akulowera njira yosapita ku Bundabunda.

Envulopu yotsiriza ya mapeyisilipi a sukulu yonse anaisiya pa benchi. Ba Clotilda anaitola, anafufuta chizindikiro cha kapu chimene chinanyowetsa pakona, n'kundipatsa.

"Pelekani imwe, ba ticha," anatero. "Mtumiki wanu namutuma kwina."